Sabata la Khumi ndi Chiwiri

Magetsi anathima tili pa mfundo yachitatu.
Tinatsegula mazenera, jakaranda wa ku Mount Pleasant
n'kuyamba kutigwetsera maluwa pa mapepala.
A Pulofesa Mandizvidza anati tipitirize,
utsamunda sudikira jenereta.

Tinalipo asanu ndi awiri, tiyi atazizira,
tikusenda silabasi ngati chinangwa.
Masabata khumi ndi limodzi ndi a malemu a kutsidya kwa nyanja,
aja ankakayika ngati tebulo lilipodi.
Ife anatisungira la khumi ndi chiwiri,
lija ophunzira amakhala atayamba kale kuloweza za mayeso,
lija limadyedwa ndi sitalaka.

Wina anati tiwotche mndandanda wonse.
Wina anati, mukawotcha, ana athu akapempha ntchito kuti?
Mayi Dlodlo anawerenga mitu yatsopano ya Chindebele,
a Pulofesa anawonjeza ya Chishona,
tonse tinaomba m'manja. Inenso ndinaomba,
lilime langa nditalipinda m'thumba ngati lisiti lakale.

Bambo anga, a Witinesi Kadzakumanja,
anafika muno wapansi kuchokera ku Ntcheu
mzindawu ukadali ndi dzina lina.
Zaka makumi atatu anadulira mpanda wa maluwa
misewu iwiri kuchokera pa chipinda chino,
kwa mzungu wophunzitsa nzeru zakuya zomwezi.
Ankamumva pakhonde akufunsa ophunzira ake
ngati munthu angadziwedi kuti mnzake akumva kuwawa.
Bambo ankangothirira kapinga.
Madzulo ku Mufakose, akuzula minga m'zala ndi singano,
ankati: funso lija n'labwino,
koma bwana akulifunsa atandifulatira.

Ndinakweza dzanja.
Ndinati, kwathu kumva ndi mawu amodzi.
Timamva kuitana, timamva fungo la utsi, timamva njala,
mwana wosamva si wogontha ayi,
ndipo ndikati ndamva, nkhani yako yandilowa m'thupi.
Ndipatseni masabata awiri pa mneni mmodzi ameneyu.

Kunali zii.
Kenako wina anaseka mwaulemu: Kwanu kuti, Dokotala?
Si paja munabadwira pa Gomo pompa?
Tiikemonso Chinyanja cha m'mapulazi?
Dzina lija sanalitchule, lija ankatigenda nalo kusukulu,
koma ndinalimva.
Mwaona? Ndinalimva.

Sindikudziwa ngati kuchotsa utsamunda
n'kusintha okhala pa mipando ya pakhonde
kapena n'kutembenukira amene wakhala akuthirira kapinga.
Mwinanso ine, ndi gauni langa ndi Chingelezi changa chosita bwino,
ndili naye wanga amene ndamufulatira:
mayi uja anatolera makapu athu osatiyang'ana,
amene dzina lake ndakhala ndikuti ndifunsa
kuyambira chaka chatha.

Anandipatsa theka la sabata la khumi ndi chiwiri.
Mlembi analemba ndi pensulo.

Pa Copacabana kombi inadzaza msanga.
Ndinakhala pa injini, chikwama pa mawondo,
pambali panga atapanikizika Ruvarashe,
woimira ophunzira, amene sanatsegule pakamwa msonkhano wonse.
Anati, Madamu, mawu anu aja, ife timati kunzwa.
N'chimodzimodzi: khutu, mphuno, m'mimba.
Koma ine sindikuwakhulupirira.
Mawu amene amati kumvetsa n'kumatinso kumvera,
mabwana onse amawakonda.

Ndinati ayi. Kenako ndinati mwina.
Tinalimbana nawo njira yonse,
iye m'Chishona, ine m'Chichewa cha bambo anga,
Chingelezi chikungolowererapo ngati chenje.
Bambo wina wa ovolosi anatembenuka n'kunena kuti
iye amamvera foromani tsiku lililonse
koma sanamumvepo n'kamodzi komwe.
Ruvarashe analemba zimenezo pachikhatho.

Kondakitala akuti anakuwa siteji yathu katatu.
Ife sitinamve.